Kamawu ka "to" m'Chingerezi: pomwe kamasankhidwa, pomwe kamakakamizidwa, ndi pomwe dera limalamula

Ziganizo ziwiri izi n'zolondola zonse: "She helped me carry the bag" ndi "She helped me to carry the bag." Tanthauzo lake n'limodzi, anandithandiza kunyamula chikwama, ndipo ku London, ku Chicago kapena ku Sydney palibe angadabwe atamva chilichonse mwa ziwirizi. Koma mukachotsa "helped" n'kuikapo "asked", ufulu uja watha. "She asked me carry the bag" n'cholakwika, ka "to" kayenera kukhalapo basi. Mukaikapo "made", zinthu zatembenuka: mayeso amafuna "She made me carry the bag", ndipo wolemba "made me to carry" amakumana ndi cholembera chofiira. Malo m'chiganizo ndi amodzimodzi, koma aneni atatuwa aliyense akufuna zake.

Wophunzira akafika apa amataya mtima n'kumati Chingerezi chilibe mutu. Mutu chili nawo, kungoti lamulo lake silili pa ka "to" kenikeniko. Lili pa mneni amene watsogola, ndipo mneni aliyense anadzera njira yakeyake. Komanso malire a pomwe kamawuka kamalowa ndi pomwe kamasiyidwa sanadulidwe pamalo amodzi m'madera onse oyankhula Chingerezi, ndiponso akhala akusuntha. Mabuku a galamala akamati "apa mukhoza kuika kapena kusiya" sanama ayi, koma amabisa mfundo yaikulu, yoti eni chiyankhulo sasankha mwachisawawa. Dziko limene munthu anakulira, m'badwo wake, kutalika kwa chiganizo, ngakhale mawu amene angotuluka kumene m'kamwa mwake, zonsezi zimamukokera mbali ina.

Kumene kanachokera

Zaka 1,000 zapitazo Chingerezi sichinkadalira ka "to" posonyeza mneni wopanda mwininkhani, uja ife timamuyamba ndi ku- monga kuimba, kumwa, kuthandiza. Chizindikiro chake chinali kumapeto kwa mawu: "singan", "drincan", "helpan". Ka "to" kanali mperekezi wamba wosonyeza kolowera, monga momwe kalili lero mu "to London". Kakatsogolera mneni, kawirikawiri kankanena cholinga, ndipo mneniyo ankasintha mathero n'kukhala ngati "to singenne".

M'zaka mazana angapo zotsatira kulandidwa kwa England ndi a Norman, ochokera ku France, mu 1066, mathero a mawu anaperepeseka. "Singan" anasanduka "singen", kenako "singe", mpaka panatsala "sing" yekha, yemwe anayamba kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi: polamula, ponena zochitika panopa, komanso ngati mneni wopanda mwini. Pamene izi zinkachitika, ka "to" kankafalikira, tanthauzo lake la kolowera likufwifwa, mpaka mu "I want to sleep" simunatsalenso ulendo uliwonse. Chijeremani ndi "zu" wake komanso Chidatchi ndi "te" wake zinayenda njira yomweyi. Nafenso sitili kutali: ku- wa mu "ku Lilongwe" ndi ku- wa mu "kudya" amamveka chimodzimodzi, ndipo akatswiri ambiri a ziyankhulo za Chibantu amakhulupirira kuti gwero lawo n'limodzi.

Kufalikiraku sikunafike ponseponse. Aneni othandiza, "can", "will", "shall", "may" ndi "must", anakakana ka "to" mpaka lero. "Let" anakakananso. Aneni ambiri wamba, monga "want", "hope", "ask" ndi "force", anakalandira kotheratu. Pakati panatsala kagulu kamene kanakhala kakugwedezeka kwa zaka mazanamazana: "make", "help", "dare", "need", "know" ndi ena ochepa. Nkhani yonse ya kusankha ili pa kagulu aka.

Tengani "make". Baibulo la King James la mu 1611, pa Salimo 23 ndime 2, paja Buku Lopatulika limati "Andigonetsa ku busa lamsipu", lili ndi "He maketh me to lie down in green pastures." Ka "to" kali poyera. Baibulo lomwelo pa Eksodo 32 ndime 20 likuti Mose "made the children of Israel drink of it", popanda ka "to". Omasulira ake anali anthu ophunzira kwambiri m'nthawi yawo, ndipo kwa iwo "make" anali mmene "help" alili kwa anthu lero, womasuka mbali zonse. Patapita nthawi Chingerezi cha m'mabuku chinakhazikika pa njira yopanda "to", inayo n'kutsalira m'malemba opatulika ndi m'miyambi. Owerenga Buku Lopatulika amadziwa mmene izi zimakhalira: pa Yohane 3 ndime 16 pali "yense wakukhulupirira Iye", pomwe lero timati "wokhulupirira", ku- uja atamezedwa. Palibe amati omasulira aja sankadziwa Chinyanja.

Chodabwitsa n'chakuti ka "to" kamene "make" anakataya kamabwerera chiganizo chikatembenuzidwa kuti wochitidwayo atsogole. "They made him wait" amakhala "He was made to wait." "We saw her leave" amakhala "She was seen to leave." Apa palibe kusankha m'dera lililonse la Chingerezi chokhazikika. "Let" yekha amathawa vutoli pokana kutembenuzidwa: anthu sanena "he was let go home" kawirikawiri, amangosintha mneni n'kunena "he was allowed to go home".

Mneni amene anasintha anthu akuona

Pa aneni onse a m'kagulu kaja, "help" ndiye wafufuzidwa kwambiri, chifukwa kusintha kwake kwachitika posachedwa, nthawi imene zolembedwa zilipo zambiri zoti n'kuwerenga.

Kusiya ka "to" pambuyo pa "help" si chinthu chatsopano, kunalipo kale m'zaka za m'ma 1500. Koma m'zaka za m'ma 1800 olemba a ku Britain anali atataya njira yopanda "to" imeneyi pafupifupi kotheratu, moti dikishonale yaikulu ya Oxford, itafika pa mawuwa chakumapeto kwa zakazo, inati ameneyo ndi mayankhulidwe a kumadera kapena a anthu wamba. Ku America njirayi sinafe, ndipo kwa nthawi yaitali Angerezi ankaiona ngati chizolowezi cha Chimereka.

Umboni wa manambala unabwera ndi makompyuta. Ku Brown University, m'boma la Rhode Island, Henry Kučera ndi W. Nelson Francis anasonkhanitsa mawu 1 miliyoni ochokera m'nyuzipepala, m'mabuku ndi m'zolemba za boma zimene zinasindikizidwa ku America mu 1961. Mayunivesite a Lancaster, Oslo ndi Bergen anapanga nkhokwe yofanana nayo ya zolembedwa za ku Britain za chaka chomwecho. Patapita zaka 30, gulu lotsogozedwa ndi Christian Mair ku Freiburg, m'dziko la Germany, linabwereza ntchitoyi ndi zolembedwa za ku Britain za 1991 ndi za ku America za 1992, potsata ndondomeko yomweyo. Nkhokwe zinayizi zinalola kuyerekeza maiko awiri pa nthawi ziwiri, ndipo zimene Mair anapeza pa "help" n'zoonekeratu. Mu 1961 olemba a ku Britain ankasiya ka "to" pafupifupi kawiri pa maulendo 10 alionse, pomwe a ku America ankakasiya pafupifupi ka 7. Pofika 1991 Britain inali itafika pa 6, ndipo America inali itakwera kufika pa 8. M'badwo umodzi wokha, njira imene inkaoneka yachilendo ku London inakhala ya anthu ambiri.

Kodi ndiye kuti Britain inangotengera America? Mbali ina mwina. Koma onani kuti America nayo inkasunthabe, kulowera mbali yomweyo. Maganizo a Mair ndi oti "help" weniweniyo akusintha ntchito. M'ziganizo ngati "The new road will help reduce accidents" mulibe munthu amene akugwira mnzake dzanja. "Help" wa apa akungonena kuti msewu uthandizirako, ndipo wayandikira kukhala mneni wothandiza ngati "can" kapena "may", aneni amene salola ka "to". Otsatsa malonda amamukonda kwambiri "help" wotereyu, chifukwa kunena kuti sopo "helps fight germs" n'kulonjeza popanda kudzimanga. Atolankhani nawo amamukonda pa mitu ya nkhani, pomwe malo ndi ochepa.

Ngakhale munthu mmodzi yemweyo sasankha mofanana nthawi zonse, ndipo zimene zimamukoka zikudziwika. Choyamba ndi kupewa kubwereza. "Help" akakhala kuti watsogoleredwa kale ndi ka "to", kachiwiri kamasowa: anthu amanena "I came to help clean the church" kawirikawiri kuposa "to help to clean". Günter Rohdenburg, katswiri wa ku Germany, anafufuza kwambiri chizolowezi chimenechi chopewa zinthu zofanana zogundizana, ndipo chimaoneka m'mbali zambiri za galamala. Rohdenburg yemweyo anaonetsanso kuti chiganizo chikamalemera, anthu amafuna zizindikiro zomveka. "Help her stand" n'chachifupi, sichisowa kanthu. Koma mu "The nurse helped the old man who had fallen near the gate to stand", mneni wachiwiri ali kutali kwambiri ndi woyamba, ndipo ka "to" kamakumbutsa womvera kuti mawu akudzawa akubwerera kwa "helped". Chiganizo chikatembenuzidwa, monga "He was helped to stand", ka "to" n'kokakamiza, monga zinalili ndi "make".

Palinso ena amene amati tanthauzo limasiyana. R. M. W. Dixon, katswiri wa ziyankhulo, ndi mmodzi mwa amene ananena kuti popanda ka "to" wothandizayo amagwira nawo ntchitoyo, pomwe ka "to" kakakhalapo amangopangitsa kuti itheke. Mwa maganizo amenewa, "He helped me eat the food" ndiye kuti anadya nawo, pomwe "He helped me to eat the food" ndiye kuti ndinali kudwala, iye n'kumandigwirira supuni. Ganizoli n'lokoma kumva, ndipo pa chitsanzo chosankhidwa bwino limagwira. Koma ine sindingalipereke kwa mwana wa sukulu ngati lamulo. "The loan helped her start a business" n'chiganizo chabwinobwino, chikhalirecho ngongole siyala nawo katundu pa benchi. Ngati kusiyanako kulipo, ndi kokoka pang'ono chabe, ndipo ku America, kumene ka "to" kakusowa pa "help" pafupifupi paliponse, n'kovuta kukumva.

Malo ena a ufulu weniweni ndi ziganizo ngati "All I did was ask" ndi "All I did was to ask". Zonse n'zololedwa, ngakhale yopanda "to" ndiyo yafala tsopano. Koma ufuluwu uli ndi mwini wake, yemwe ndi mneni "do" m'chigawo choyamba. Mukam'chotsa, mukuyenera kunena "All I wanted was to ask".

"Dare" ndi "need" anakumana pakati

Aneni awiriwa amaphunzitsidwa limodzi, koma anachokera mbali zosiyana. "Dare", kulimba mtima, anali wa m'banja la "can" ndi "shall" kuyambira kale, ndipo nthawi yake yakale inali "durst". Pang'ono ndi pang'ono anayamba kukhala ngati mneni wamba, n'kutenga "dared" ndi ka "to". "Need" anali mneni wamba amene anatengera khalidwe la aneni othandiza. Lero onse ali ndi nkhope ziwiri.

"You needn't come" ndi "You don't need to come" zimanena chimodzi, sukuyenera kuvutika n'kubwera. Njira yopanda "to", monga yoyambayo, imaloledwa pokhapokha pali kukana kapena funso, monga "Need I say more?" Palibe amanena "You need come". Ku Britain "needn't" akumvekabe, makamaka kwa akuluakulu ndi m'zolembedwa, koma ku America amamveka wachikale kapena wodzikweza. Nkhokwe zinayi zija zinaonetsa kuti pakati pa 1961 ndi zaka zoyambirira za m'ma 1990 "needn't" anachepa m'maiko onse awiri pomwe "need to" anachuluka kwambiri. Apa ndiye pali phunziro kwa amene amaganiza kuti Chingerezi chikungotaya ka "to": pa "help" kakutha, pa "need" kakupambana, nthawi yake imodzimodzi.

"Dare" ndi wosokonekera kuposa. "He didn't dare ask" ndi "He didn't dare to ask" zonse zili bwino. "How dare you speak to me like that?" salola ka "to" pambuyo pa "you". Koma mukamauza mnzanu kuti ngati ndi mwamuna adumphe, "I dare you to jump", simungakasiye. "Ought" naye, amene poyamba anali nthawi yakale ya "owe", amayenda ndi ka "to" mu "you ought to go", koma pokana ena amakasiya n'kunena "you ought not go". M'madera ena a England mumamveka "you didn't ought to", ndipo kumpoto kwa United States kuli "you hadn't ought to". Zonsezi sukulu sizilola.

Katenge, dzaone

Munthu wa ku America amati "Go get your shoes" kapena "Come see this". Wa ku Britain kawirikawiri amaika "and" pakati: "Go and get your shoes". Pomwe wophunzira wa kuno akanayembekezera "go to get", eni ake amakonda njira zinazi. Wolankhula Chichewa sangavutike kumva chimene chikuchitika, chifukwa ifenso "pita ukatenge" timamufupikitsa kukhala "katenge", ndipo "bwera udzaone" amakhala "dzaone". Kupita ndi kutenga zasanduka chochitika chimodzi.

Njira ya Chimerekayi ili ndi lamulo lolimba limene palibe anaphunzitsidwa m'kalasi. Imagwira pokhapokha "go" kapena "come" ali wosavala kanthu kumapeto. "I go get the paper every morning" n'chotheka, "I will go get it" n'chotheka, koma "He goes get it" ndi "I went get it" n'zosatheka, ngakhale kwa munthu amene sanapiteko ku sukulu. Ndipo si America inayambitsa zimenezi. M'Chingerezi cha m'nthawi ya Shakespeare zinalimo, ndipo ku Britain zatsalira m'mawu ngati "go fetch" ouza galu.

"Try and" ali ndi lamulo lomwelo. "I'll try and finish today" amanena chimodzimodzi ndi "I'll try to finish today", koma "He tried and finish" palibe. Aphunzitsi ena amadana naye "try and" ponena kuti kuyesa ndi kumaliza si ntchito ziwiri zoti n'kulumikiza ndi "and". Mtsutso umenewu ndi wa masamu, si wa chiyankhulo, ndipo "try and" wakhalapo kwa zaka zoposa 300. Kafukufuku wa Charlotte Hommerberg ndi Gunnel Tottie wa mu 2007 anapeza kuti pocheza, anthu a ku Britain amasankha "try and" pafupifupi ka 7 pa maulendo 10, pomwe a ku America amatero pafupifupi kamodzi pa kanayi. Polemba, onse amatsamira pa "try to". Ndiye pa mneni ameneyu Britain ndiyo imazemba ka "to", America n'kumakasunga, mosemphana ndi mmene zinalili pa "help" mu 1961. Ku Ireland ndi ku South Africa ena amapitirira apo n'kuchotsa zonse: "I'll try finish today".

Kumene amawonjezera, ndi kumene amachotsa zambiri

Ku Belfast, ku Northern Ireland, mungamve munthu akuti "I went to the shop for to get bread". Ka "to" kokha sikamukwanira, amakatsogoza ndi "for". Izi ndi zotsalira za Chingerezi cha m'zaka za m'ma 1300, pamene "for to" anali paliponse. Chifukwa chake n'chomveka: ka "to" katafwifwa n'kusiya kusonyeza cholinga, anthu anawonjezera "for" kuti cholingacho chimvekenso. Baibulo la King James likadali nazo pa Mateyu 11 ndime 8: "But what went ye out for to see?" Chingerezi cha m'mabuku chinamutaya "for to", koma anatsalira ku Scotland, ku Ireland, kumpoto chakummawa kwa England, kumapiri a Ozark ndi Appalachia ku United States, komanso m'madera ena a Canada monga Ottawa Valley ndi Newfoundland.

Alison Henry, amene anafalitsa kafukufuku wake wa Chingerezi cha ku Belfast mu 1995, anaonetsa kuti ngakhale mumzinda umodzimo muli magulu awiri. Ena amagwiritsa ntchito "for to" ponena cholinga pokha. Ena amamuika ngakhale pomwe palibe cholinga, monga "I want them for to win". Gulu lililonse limadziwa pomwe "for to" sangalowe. Ku Jamaica zinapita patsogolo: m'chiyankhulo cha anthu wamba kumeneko chizindikiro cha mneni wopanda mwini ndi "fi", monga "mi waan fi go", ndipo ambiri amati chinachokera kwa "for" yemweyu. Kumeneko "for" ndiye anatsala, ka "to" n'kuchoka.

Anthu a ku Scotland ndi ku Ulster, chigawo cha kumpoto kwa Ireland kumene kuli Belfast, ali ndi chizolowezi china chopita mbali inayo. Pomwe buku limati "The car needs to be washed" kapena "needs washing", iwo amati "The car needs washed". Ka "to" ndi "be" zonse palibe. M'zaka za m'ma 1700 anthu ambiri ochokera ku Ulster, a mtundu wa Chiskoti, anasamukira ku Pennsylvania, ku America, ndipo lero "needs washed" ndi chizindikiro cha mzinda wa Pittsburgh ndi madera oyandikana nawo, kudutsa Ohio ndi Indiana kulowera kumadzulo. Ambiri mwa oyankhula chonchi sadziwa n'komwe kuti ndi za kwawo kokha, amazilemba ngakhale m'makalata a kuntchito, mpaka tsiku limene munthu wa ku New York kapena ku London adzawadabwe. "The dog wants out", galu akufuna kutuluka, ndi wa m'banja lomweli. Aneni olola zimenezi ndi ochepa: "need" kwambiri, "want" pang'ono, "like" mwa apo ndi apo.

Chingerezi cha ku Africa

"It made me to cry" amamveka ku Lagos, ku Nairobi, ku Soweto, ku Lusaka ndi ku Blantyre, komanso ku India, kuchokera kwa anthu ophunzira bwino. Zifukwa zake, mmene ndikuonera, zilipo zingapo zimene zikukankhira mbali imodzi. Aneni ena onse a tanthauzo loyandikana ndi "make", monga "force", "cause", "compel" ndi "get", amafuna ka "to", ndipo "make" yemweyo amakafuna mu "was made to". Munthu amene waphunzira Chingerezi m'kalasi, osati pamsana pa mayi ake, amasalaza lamulolo kuti likhale limodzi. Baibulo lakale lija nalo lawerengedwa m'matchalitchi ndi m'sukulu za mishoni kwa mibadwo. Kwa ife pali chinanso. Chichewa chimanena "anandinyamulitsa chikwama" kapena "chinandiliritsa" ndi mneni mmodzi, kuchititsa kuli m'kati mwa mawu momwemo. Pofuna kumanga chiganizo cha Chingerezi cha aneni awiri, maganizo amathamangira ku "anandikakamiza kunyamula", ndipo ku- ameneyo, yemwe m'Chichewa sasiyidwa pambuyo pa mneni wina chonchi, amasanduka ka "to".

Pa mayeso a MANEB, pomwe kukhoza Chingerezi n'kofunika kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE, muyeso ndi Chingerezi chokhazikika cha m'mabuku, ndipo "made me to" amadula malikisi. N'chimodzimodzi kwa namwino amene akulemba mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET kuti akagwire ntchito ku Britain. Mphunzitsi ali ndi udindo wonena zimenezi mosabisa. Chimene sindigwirizana nacho ndi kuuza mwana kuti walemba zopanda nzeru, pomwe walemba zimene zili m'Salimo limene analoweza ku Sande sukulu. Kumuuza kuti lamulo linasintha, ndipo olemba mayeso amatsata latsopano, n'zoona komanso n'zosavuta kukumbukira.

Cholakwa chachikulu chili mbali inayo, pomwe mphunzitsi amene anaphunzira ndi mabuku akale a ku Britain amadula "helped me carry" n'kulowetsapo ka "to" ndi cholembera chofiira. Apo mwana sanalakwe m'dera lililonse la dziko lapansi, ndipo walemba njira imene olemba ambiri a ku Britain komweko akutsata lero. Zoterezi zimachitikanso ndi "needn't", amene ena amamuphunzitsa ngati ndiye Chingerezi chapamwamba, chikhalirecho eni ake akumusiya.

Ndipo tisaganize kuti Africa yonse imangowonjezera. Ku Nigeria ndi ku Ghana, m'nyuzipepala ngakhale m'zikalata za boma, mumapezeka ziganizo ngati "to enable the committee complete its work", pomwe buku likanafuna "to complete". "Allow him go" amamvekanso. Kumeneko "enable" ndi "allow" akokedwa kuti afanane ndi "let" ndi "help", ndipo pa "to enable" mwina kupewa ka "to" kachiwiri kukuthandizira, monga zimachitikira ndi "to help clean" ku London. Wolemba mmodzi yemweyo wa ku Accra akhoza kulemba "made them to wait" m'ndime yoyamba ndi "enable them return" m'ndime yachiwiri, kuika pomwe Britain anachotsa ndi kuchotsa pomwe Britain anasunga.